Osachotsa Musanandiuze

Inu amene mumati mizimu imangokhala kumanda ndi m'mitengo ikuluikulu, senderani kuno mumve za Lufeyo Chadzunda. Iyeyu zinamuonekera masana ndithu, m'kachipinda kopaka laimu, pakati pa mawaya ndi fumbi, ndipo mpaka lero akamafotokoza amayamba wayang'ana kukhomo.

Lufeyo anali wokonza makompyuta a zipatala zing'onozing'ono za m'boma lina la kumapiri. Ntchito yake inali kukwera njinga yamoto yakutha matayala, kupita kumene makina afa, kukawadzutsa, n'kubwerako ali mbuu. Makompyutawo anali akale, opatsidwa, ndipo onse ankayendera Linux, pulogalamu yaulere imene aliyense amatha kuitsegula m'kati n'kuikonza yekha. Ubwino wake ndi womwewo, kuipa kwakenso ndi komweko, chifukwa ikavuta palibe woti umuimbire foni n'kumukalipira.

Amene anamuphunzitsa ntchitoyi anali a Zakeyu Kambalame, mdala wamanzere, wa ndevu zaimvi, wosapupuluma pa chilichonse. Anali ndi kakhalidwe kena kamene anzawo ankawaseka nako. Asanamasule sikulu ngakhale imodzi, ankagogoda kawiri pa chitsulo cha kompyuta n'kunena kuti, "Odi." Ukawafunsa, ankangoti iwo sanaleredwe molowa pamalo osaodira. Pa onse oseka, Lufeyo ndiye ankaseka mpaka misozi.

Tsono mvula ya mu Januwale itafika pachimake, mphezi inagwa pa mlongoti wa chipatala cha ku Kadzamtondo, kutsidya kwa mtsinje wa Nkhwaule. Moto wake unatsata waya n'kukapsereza khadi la netiweki, kachitsulo kobiriwira kokwana m'chikhatho, kamene kamalumikiza kompyuta ndi dziko lakunja. A Kambalame atakaona kuti lapsa, anamuimbira Lufeyo kuti awabweretsere lina kuchokera ku ofesi. Linali Loweruka, Lufeyo anali atatopa mpaka m'mafupa. Ataona dzina pa foni, anaigoneka chafufumimba n'kupitiriza kugona. Inalira kanayi. Mdalayo anakwera njinga yake yamoto, anakalitenga yekha khadilo, ndipo pobwerera anapeza Nkhwaule atadzaza. Anthu anawapeza m'mawa mwake pa bango, chikwama cha zida chili chikolekere m'khosi.

Za foni ija Lufeyo sanauze munthu. Kumaliro anapita, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo anachoka bokosi lisanatsitsidwe. Chikwama chija achibale anachibweza ku ofesi, chinapachikidwa pa msomali, ndipo kwa milungu itatu aliyense ankachilambalala. Kenaka tsiku lina abwana anatopa nazo.

"Chadzunda, a ku Kadzamtondo atigonthetsa m'kutu. Khadi lili m'chikwama cha malemu, lokulunga bwinobwino m'pulasitiki, silinanyowe. Tenga upite."

Lufeyo anapisa dzanja m'chikwamamo nkhope ili kumbali, anatulutsa khadilo, nanyamuka.

Pa Nkhwaule amuna anayi anamuolotsera njinga ataikoleka pa mitengo. Madzi anali ofiira, ofika m'chiuno, ndipo Lufeyo sanayang'ane kunali bango kuja. Anafika pachipatala cha m'ma leveni, kumwamba kuli bii. Pakhonde anamulandira Sisitala Mdoka, namwino wamkulu wa pamalopo, mayi wamtali wa maso ofiira ndi tulo.

"Mwafika, a Chadzunda? Ndimayesa nanunso mwatitaya."

"Mafuta kunalibe, asisitala."

"Mafuta kulibe chaka chonse. Bwerani muyambe mwaona munthu amene mwadzera."

Anamulowetsa m'wodi ya amuna. Pa bedi la pakona panagona a Jemitala, bambo amene kale ayenera kuti anali wadzitho, koma tsopano mkono wawo ukanakwana pakati pa zala ziwiri. Akatsokomola, bedi lonse linkagwedezeka. Pambali panakhala mkazi wawo, Nangozo, atagwira kabeseni.

Sisitala anafotokoza ali panja. Makhololo a bamboyo anatumizidwa ku labu ya kuboma mphezi isanagwe, ndipo zotsatira zake zimabwera pa kompyuta basi. Mankhwala a chifuwa chachikulu analimo m'kabati, koma chifuwacho chilipo cha mitundu iwiri, china chomva mankhwala amenewo, china chosamva. Kumupatsa munthu mongoganizira kukanatha kumuwonjezera mavuto.

"Ndinatumako munthu kawiri," anatero sisitala. "Ulendo woyamba akuti wosaina kulibe. Wachiwiri akuti zili mu sisitimu, tiziona konkuno. Inu simunatitengere pepala?"

"Ndinapempha. Akuti ine si wachipatala, sangandipatse za wodwala."

"Chabwino. Ndiye mumve izi. Dzuwa silinatuluke masiku atatu, mabatire a sola ikamakwana folo amakhala atatha. Ndipo bambo awa sindikuona kuti angadikirenso mlungu wina."

Kachipinda ka kompyuta kanali kumapeto kwa khonde. Atatsegula chitseko, Lufeyo analandiridwa ndi fungo la matope a mumtsinje, lija la bango lovunda. Anaganiza kuti ndi nsapato zake. Atakhala pa mpando anadzambatuka, chifukwa khushoni inali yonyowa. Anayang'ana kudenga, koma kunali kouma, kopanda ndi dontho lomwe. Anaichotsa khushoniyo n'kukhalira thabwa.

Sanagogode, sanaodire. Anamasula masikulu anayi n'kuwaika m'kachitsekerero ka botolo, anazula khadi lakupsa lija, analowetsa latsopano, nayatsa. Pa sikirini yakuda panabwera zilembo zoyera. Analemba lamulo lija lofunsa kompyuta kuti itchule ziwalo zake zonse, ndipo mndandanda unatsika. Zonse zinalipo, kupatula khadi.

Zimenezo sizinamudabwitse. Anazimitsa, anazula khadi, anapukuta timano take tagolide ndi labala ya pensulo monga anamuphunzitsira mdala uja, nalibwezera. Palibe. Analisamutsira pa kampata kena. Palibe. Anauzira fumbi mpaka mutu unamuwawa, analikanikiza ndi chala chachikulu, nayatsanso. Ulendo wachinayi dzina la khadi linaoneka pansi penipeni pa mndandanda. Anatambasula dzanja lamanja kuti atenge sikuludiraiva. Sinalipo. Anaipeza kumanzere kwa kiyibodi, itagonekedwa bwinobwino, chogwirira chitaloza kwa iye.

Anaiyang'ana kanthawi. Kenaka anadziuza kuti munthu wotopa amaika zinthu osadziwa, ndipo zimenezo n'zoona. Koma m'kachitsekerero muja munatsala masikulu atatu, ndipo ngakhale anakwawa pansi pa tebulo, yachinayi sanaipeze.

Vuto lachiwiri linali lodziwika kale. Kompyuta inaliona khadilo koma inalibe kapulogalamu koliyendetsera. Kuti ukapeze kapulogalamuko pamafunika intaneti, ndipo kuti upeze intaneti pamafunika kapulogalamuko. Amene anayambitsa zimenezi, ine ndikanakumana naye ndikanamufunsa mafunso. Ku Kadzamtondo foni imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chimene chili kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Lufeyo anakwera chulucho, anakweza foni m'mwamba ngati akuitana minibasi, nadikira.

Zinthu zinkatsika pang'onopang'ono, kuima, kuyambiranso. Dzanja likatopa ankasinthira lina. Ali chiimire choncho, anaona munthu m'kanjira kochokera kumtsinje. Anavala jasi lamvula lakuda, mutu uli pansi, akukankha njinga yamoto. Lufeyo anaganiza kuti ndi mnzake wina amene mafuta amuthera. Koma miyendo ya munthuyo inkayenda, matayala ankazungulira, ndipo iye sankayandikira. Mbuzi zimene zinkadya m'mbali mwa njira zinasiya kudya, zinapatuka zonse pamodzi, n'kukaima pataliko zitatukula mitu.

Foni inanjenjemera m'dzanja mwake. Unali uthenga uja wa kampani wodziwitsa kuti wina anakuimbira osakupeza. Nambala anaidziwa asanamalize kuiwerenga, inali ya a Kambalame. Kanayi. Mauthenga otere nthawi zina amachedwa, inde, amatha kusochera masiku. Lufeyo anadziuza zimenezo kawiri konse. Atakwezanso maso, m'kanjiramo munalibe munthu, ndipo mbuzi zinali zisanabwererebe.

Anatsika pa chulu. Anali ndi mantha, tisabise, koma kutopa kunaposa mantha, ndipo kuseri kwa khoma a Jemitala anali kutsokomola. Analowetsa kapulogalamu kaja, kompyuta inakalandira, khadi linadzuka. Inali itadutsa thu koloko. Anayesa kulumikiza, ndipo kompyuta inayankha kuti njira yakunja kulibe.

Apa ndiye anafika pa vuto lachitatu. Khadi lililonse limabadwa ndi nambala yake, ndipo kompyuta ija inali ndi kafayilo kamene kanalembedwa kuti njira yakunja ndi khadi la nambala yakutiyakuti. Nambala inali m'menemo inali ya khadi lakupsa lija. Makinawo ankadikirabe lakale, latsopanoli ankaliona ngati mlendo wongodutsa. Kukonza kwake n'kosavuta, umangofufuta mzere wakale n'kulemba wina. Lufeyo anatsegula kafayiloko. Pamwamba pa mzerewo panali mawu ena, aja amene amisiri amasiyirana kuti wobwera pambuyo awerenge.

osachotsa musanandiuze. ZK

Anawadziwa mawuwo. A Kambalame ankawasiya m'makompyuta onse amene anakonza, chifukwa ankadana ndi anthu ogwiragwira ntchito yawo. Panalibe chachilendo. Lufeyo anafufuta mawuwo pamodzi ndi mzere wake, analemba nambala yatsopano, anasunga, nayatsanso makina. Atatsegula kafayilo kaja, nambala yakale inali pamalo pake, ndi mawu aja pamwamba.

Anaganiza kuti waiwala kusunga. Anabwereza mosamala, akuwerenga chilembo chilichonse mokweza. Zinabwereranso. Anafufuza ngati pali pulogalamu ina imene ikubwezeretsa kafayiloko, sanaipeze. Anafufuta kafayilo konse kathunthu. Makina atayaka, kanali pomwepo. Pakona, bokosi la mabatire linayamba kulira pii, pii, kuchenjeza kuti moto watsala pang'ono. Mokwiya, Lufeyo anazula waya wa netiweki kumbuyo, anazulanso khadi, nakhala pansi atagwira mutu.

Ndiye pamene anamva. Go, go. Kawiri, pa chitsulo cha kompyuta, pafupi ndi chigongono chake.

Sanatembenuke. Fungo la matope lija linakula mpaka linafika pakhosi. Anakhala choncho mpaka chitseko chinatseguka, ndipo Sisitala Mdoka anasuzumira, osalowa.

"Zikutheka?"

Lufeyo anangoloza pa sikirini, pamene kafayilo kaja kanali chitsegukire. Sisitala anawerenga ali pakhomo pomwepo, atatsinzina pang'ono.

"Ndiye mwawauza?"

"Asisitala, munthuyo anamwalira."

"Ndikudziwa kuti anamwalira, ndine ndinawatseka maso. Ndikufunsa ngati mwawauza."

"Inu wophunzira ngati inu mungamanene zimenezo?"

"A Chadzunda, ine ndine wa mpingo, zambiri sindizidziwa, ndipo ndatopa. Koma kwathu katundu wa malemu sitimangotenga ngati tatola pamsewu. Timanena. Milungu itatu iyi, ikamakwana fili koloko, muno mumagogoda. Mafayilo anga ndinasamutsa, sindilowamonso." Kenaka anapitiriza motsitsa mawu. "Tsiku lija anandiuza kuti, sisitala, ndibwera nalo lero lomwe, a Jemitala asagone mawa osamwa mankhwala. Koma anayamba aimbira inu. Ndinali nawo pa chulu paja, ndine ndinawagwirira ambulera."

Lufeyo anamva ngati pansi pasuntha. Milungu itatu anasenza chinthucho yekha, akuyesa palibe akudziwa, pamene mayiyu anamulandira pakhonde akudziwa zonse.

"Sindikukuweruzani," anatero sisitala. "Nanenso ndinagonapo wodwala akuitana. Koma mabatire akulira, ndipo munthu wanga akufa. Chitani zimene mukuyenera kuchita." Anakoka chitseko, ndipo mapazi ake anamveka akupita kuwodi.

Kunja mvula inayamba kuwaza pa malata. Lufeyo anazimitsa kompyuta, anaimirira, anavula chipewa. Anadziona wopusa, bambo wa ana atatu kuimirira pamaso pa bokosi lachitsulo. Anapinda chala, nagogoda kawiri.

"Odi."

Palibe chinayankha. Koma bokosi la mabatire linasiya kulira, ndipo m'kachipindamo munangoti zii, moti ankamva madzi akudontha penapake kumbuyo kwake, dontho limodzi limodzi.

"Akulu," anatero. "Ndine Lufeyo. Khadi ili ndalitenga m'chikwama mwanu osakuuzani. Ndi lanu, ndinu munakalitenga. Ndikupempha ndiliike, ndichotse mzere wanu uja." Anafinya chipewa m'manja. "Foni yanu ndinaiona. Sindinali kutali, sinali pa chaja, ndinaiona ndithu. Ndinatopa, ndinaigoneka pansi. Mukanakhala kunyumba kwanu lero. Pepani, akulu. Pepani."

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Kumbuyo kwake mpando unalira pang'ono, monga umachitira munthu akamadzuka.

Analowetsa khadi, anayatsa, anatsegula kafayilo. Mawu a mdala uja sanawafufute. Anangosintha nambala, ndipo pansi pake analemba kuti, ndawauza. LC. Anayatsanso makina n'kutsinzina. Atatsegula maso, nambala yatsopano inali pomwepo, ndipo kumbuyo kwa kompyuta kanyali kobiriwira kanali kuphethira pakhoma.

"Asisitala! Bwerani msanga!"

Ulendo uno Sisitala Mdoka analowa. Anawerama pa kiyibodi osakhala pa mpando, analemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, anafufuza dzina la a Jemitala. Tsamba linatseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Pulinta inakoka pepala, inalira, inalavula. Pepala litangogwa, sikirini inathima, ndipo mabatire anatheratu.

Sisitala anapita nalo pawindo, anawerenga, anawerenganso. "Ndi chomva mankhwala," anatero. "Omwe ali m'kabatiwa. Milungu itatu ali pamphuno pathu." Sanathokoze, sanadikire, anatuluka akuthamanga makiyi akulira m'thumba.

Lufeyo anatsala yekha m'kachisisira ka mvula. Anayamba kulongedza. Atapita kuti amange khadi lija ndi imodzi mwa masikulu atatu, anapeza lamangidwa kale. Sikulu yachinayi ija inali pamalo pake, yothina kwambiri. Anawerama kuti aone kumbuyo. Waya wa netiweki, uja anazula atakwiya, sanaubwezere. Unali pansi pa simenti, mutu wake uli m'kadziwe ka madzi ofiira.

Anautola, anaupukuta ndi malaya ake, anaulowetsa pamalo pake kuti mawa dzuwa likatuluka zinthu zidzayende monga mwa masiku onse. Sanayang'ane pakona, sanayang'ane pa mpando. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Podutsa pa wodi anaima pakhomo. A Jemitala anali atadzutsidwa, atatsamira pa chifuwa cha mkazi wawo, ndipo sisitala ankawaika mapiritsi pakamwa limodzi limodzi. Kumeza kwake kunali kovuta, madzi ankatayikira m'ndevu, koma ankameza. Lomaliza litatsika, Nangozo anawagoneka, anapukuta manja pa chitenje, nabwera pakhomo. Anagwada pang'ono n'kuomba m'manja.

"Zikomo, bambo. Mulungu akudalitseni, inu ndi anzanu aja."

"Anzanga ati, mayi?"

"Achikulire aja munalowa nawo m'mawa, a jasi lakuda. Ndawaona aima panja pawindo lanu tsiku lonse, anyowa zomvetsa chisoni. Muwauze akaothe moto kukhitchini asananyamuke, tasonkha kale."

Sisitala Mdoka sanatembenuke, anangopitiriza kutseka botolo la mankhwala. Lufeyo anayang'ana kumapeto kwa khonde, kumene mvula inkagwa pa kanjira kopita kumtsinje.

"Ndiwauza, mayi," anatero.

A Jemitala anachira, ngakhale khasu sanaligwirenso ngati kale. Lufeyo akadali pa ntchito yomweyo, njinga ndi yomwe ija, kutopa ndi komwe kuja. Anzake a ku ofesi masiku ano amaseka iyeyo, chifukwa asanamasule sikulu amagogoda kawiri. Iye amangopendeketsa mutu n'kudikira kaye pang'ono.